Mtsogoleri akasakaniza udindo ndi zachiwerewere

Tsiku lowerenga mayina limadziwika m'mudzi uliwonse. Kaya ndi mayina a olowa ntchito za mthandizi, a olandira Mtukula Pakhomo, kapena a achinyamata okathandiza amisiri omanga mdadada wa sukulu, anthu amasonkhana pansi pa mtengo, mlembi n'kuyamba kuitana. Amene dzina lake latuluka amamwetulira, amene lake lasowa amabwerera akudandaula. Kawirikawiri kudandaulako sikukhalitsa, chifukwa aliyense amadziwa kuti malo amachepa pamene ofuna ndi ambiri. Koma pali tsiku lina limene kudandaula sikutha. Ndi tsiku limene dzina lina likaitanidwa amayi amayang'anana, wina n'kunong'oneza mnzake kuti, "Ameneyo tikudziwa kumene analembetsera." Kuyambira pamenepo mndandanda wonsewo waipa, ngakhale mayina ena onse atakhala kuti analembedwa mwachilungamo.

Kunong'onezana kotereku tisakutenge ngati miseche chabe ya kuchitsime. Kumasonyeza mmene anthu amayezera mtsogoleri: amaona zimene amachita kwa munthu amene sangathe kumukaniza. Ambiri timakonda kunena kuti zimene munthu amachita ndi thupi lake ndi nkhani ya iye ndi banja lake. Mbali ina n'zoona, pakuti khonsolo si nkhoswe ya ukwati wa munthu. Koma pamene bwana afunsira kapena kukakamiza munthu amene ali pansi pake pa ntchito, kapena amene akudikira thandizo lodzera m'manja mwake, nkhaniyo sikhalanso ya kuchipinda. Imakhudza ndalama za boma, ntchito za chitukuko ndi ulemu wa ofesi imene tonsefe timadalira.

Mphamvu za pa udindo n'zobwereka

Malamulo aakulu a dziko lino, m'gawo 12, amanena kuti ulamuliro wonse wa boma umachokera kwa anthu a dziko la Malawi, ndipo uyenera kugwiritsidwa ntchito powatumikira ndi kuwateteza. Gawo lomwelo limati aliyense amene ali ndi mphamvu za boma wangosungitsidwa mphamvuzo, ndipo kuti apitirize kuzigwira zimadalira kuti anthu akumukhulupirirabe. Mawu amenewa sakunena za Pulezidenti ndi nduna zokha. Kuyambira mu 1998, pamene dziko lino lidakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono, mphamvu zambiri zidatsikira m'makhonsolo ndi m'midzi. Lero zili m'manja mwa bwanamkubwa ndi akuluakulu a nthambi za pa khonsolo, makhansala, mafumu, makomiti a ADC ndi VDC, aphunzitsi aakulu, alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, oyang'anira misika ndi akapitawo a ntchito za m'misewu.

Aliyense wa anthu amenewa ali ndi kiyi wa chitseko china chake. Wina amalemba mayina, wina amagawa malo mumsika, wina amasayina kalata yosamutsa wantchito, wina amachonga amene wabwera ku ntchito kuti adzalandire malipiro. Koma ambiri a iwo alibe apolisi kapena ndende yoopsezera anthu. Wapampando wa VDC akamemeza anthu kuti akatute mchenga womangira chipatala, palibe chimene angamuchite munthu amene wasankha kukhala kunyumba. Anthu amalawirira m'mamawa ndi ndowa zawo chifukwa amamulemekeza, ndipo amakhulupirira kuti thukuta lawo silipita pachabe. Chuma cha mtsogoleri wa kumudzi ndi chikhulupiriro chimenechi. Chikatha, ntchito imaima ngakhale simenti itafika pamalo.

Khalidwe limene tikunena ndi liti?

Kuti tisasokoneze zinthu, ndi bwino kutchula khalidweli m'magulu ake. Pali kusinthanitsa, pamene munthu auzidwa, poyera kapena mophiphiritsa, kuti apeza ntchito, malo ogulitsira, dzina pa mndandanda kapena kukwezedwa pokhapokha atagona ndi wa udindoyo. Pali kuvutitsa, monga kufunsira kosalekeza munthu atakana kale, nthabwala zonena za thupi lake, kumugwiragwira, kumuitanira ku ofesi anthu ataweruka popanda chifukwa cha ntchito, kapena kumutumizira mauthenga ndi zithunzi zolaula pa foni. Pali kubwezera, pamene wokana uja ayamba kupezeredwa zifukwa, kuchotsedwa pa gulu la opita ku maphunziro, kapena kusamutsidwira kudera lakutali. Palinso kugwiririra ndi kugona ndi mwana, imene ili milandu ikuluikulu ya kupolisi. Kuyambira mu 2017, malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18.

Lamulo la Gender Equality Act la mu 2013, m'gawo 6, limati munthu wapalamula mlandu ngati achitira mnzake khalidwe lililonse lokhudza kugonana limene mnzakeyo sakulifuna, kaya ndi mawu, zizindikiro kapena kukhudza thupi, pamene munthu woganiza bwino akadadziwa kuti winayo akhumudwa, anyazitsidwa kapena achita mantha. Chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka zisanu.

Taonani kuti lamuloli silifunsa ngati wochitayo ankangocheza. Pa chikhalidwe chathu kusereulana kulipo, ndipo asuweni kapena alamu amatha kunenana mawu akuthwa popanda wokwiya. Koma kusereulana kumakoma chifukwa onse awiri ali ndi ufulu wobweza. Mtsikana amene wangolembedwa kumene ntchito yosesa sangabweze mawu kwa bwana amene amasayina malipiro ake. Akaseka sindiye kuti wakondwa, akungoteteza ntchito yake. Nthabwala imene mmodzi yekha ali ndi ufulu woinena si nthabwalanso.

Mmene ulemu wa mtsogoleri umathera

Choyamba, anthu amaleka kukhulupirira zigamulo zake, zolungama zomwe. Tiyerekeze kuti kapitawo wa ntchito yokonza msewu wa kumudzi walemba anthu 30, ndipo mmodzi mwa iwo wamulemba chifukwa anagona naye. Mwina otsalawo ndi osauka enieni amene ankayenereradi. Koma mudzi ulibe njira yodziwira kuti ndi dzina liti lalowera pakhomo ndipo ndi liti lalowera pawindo. Akuluakulu adati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Mawa kapitawo yemweyo akachotsa mayi waulesi pa ntchito, anthu adzati wamuchotsa chifukwa anamukana, ndipo palibe adzamvere zifukwa zake ngakhale zili zoona.

Chachiwiri, amalephera kulamula. Bwana amene ali pa chibwenzi ndi wantchito wake sangamudzudzule akachedwa kapena akajomba, ndipo anzake a wantchitoyo amaona. Nawonso akayamba kuchedwa, bwanayo ayambira pati kuwadzudzula? Pakapita miyezi yochepa ofesi imakhala ndi malamulo awiri, ena a okondedwa ndi ena a anthu wamba. Amene amalipira mtengo wa zimenezi ndi inu amene mwayenda mtunda wautali kudzafuna chithandizo n'kupeza chitseko chili chotseka.

Chachitatu, mtsogoleri wotere amasanduka kapolo wa anthu odziwa chinsinsi chake. Dalaivala amene ankamuperekeza, mlonda amene ankatsegula geti usiku, mlembi amene anasintha dzina pa mndandanda, onsewa amakhala ndi chingwe chomukokera. Tsiku limene mmodzi wa iwo adzapezeke akugulitsa mafuta a galimoto kapena matumba a simenti, bwanayo adzayang'ana kumbali, podziwa kuti akatsegula pakamwa zakenso ziululika. Umu ndi mmene nkhani imene inayamba ngati ya anthu awiri imafikira pa mjigo wosakonzedwa ndi mlatho wongoyambidwa. Kufuna thupi la munthu posinthana ndi chinthu cha boma sikusiyana ndi kufuna ndalama. Zonsezi ndi kugulitsa chinthu chimene si chako, ndipo kumene kuli chimodzi chinacho sichikhala patali.

Chachinayi, ogwira ntchito ena amaphunzira kuti khama silipindula. Munthu amene wagwira ntchito mokhulupirika zaka zambiri akaona kuti mwayi wa maphunziro ndi kukwezedwa ukupita kwa wokondedwa wa bwana, amagwa ulesi. Achinyamata amene akungoyamba ntchito nawo amatengera, poganiza kuti umenewo ndiwo ubwana, ndipo amayembekezera tsiku limene nawonso adzakhale pa mpando kuti adzachite zomwezo. Khalidwe la munthu mmodzi limasanduka mwambo wa ofesi.

Chachisanu, chitonzo chimagwera amayi, ngakhale amene sanachite kanthu. Pamalo pakangodziwika kuti bwana amagawa mwayi posinthana ndi kugonana, mayi aliyense amene wakwezedwa kapena kusankhidwa amakayikiridwa, ngakhale atakhala ndi maphunziro ndi luso loposa anzake onse. Akayamba kulamula, ena amamunyozera n'kumati udindowo anaupezera kuseri. Abambo ena amayamba kuletsa akazi awo kulowa m'makomiti kapena kupita ku maphunziro ogonera ku boma, makolo nawo amakaniza ana awo aakazi kukafunsira ntchito. Lamulo la mu 2013 lija, m'gawo 11, limati polemba anthu ntchito m'boma amuna kapena akazi asachepere 40 ndipo asapitirire 60 mwa anthu 100 alionse. Koma lamulo lingatsegule chitseko amayi n'kuopa kulowa, ngati m'katimo muli munthu amene akuwadikira ndi zolinga zina. Zikatero komiti ya mjigo imakhala yopanda amene amatunga madzi, ndipo komiti ya chipatala imakhala yopanda amene amapita ndi ana ku sikelo.

Pomaliza, anthu amaweruza ofesi yonse poona zimene akuluakulu achita atamva nkhaniyo. Munthu mmodzi kulakwa sizidabwitsa, pakuti pagulu lililonse pamakhala wolakwa. Chimene chimapha chikhulupiriro ndi kuona kuti onse ankadziwa koma anakhala chete, kapena kuti wolakwayo wangosamutsidwira ku dera lina kumene akapeze anthu atsopano osamudziwa, pamene wodandaula uja ndiye waluza ntchito. Apo anthu amati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo amatsimikiza mumtima kuti malamulo adaikidwira anthu aang'ono okha. Munthu amene watsimikiza zimenezi sabweranso kudzanena za mankhwala obedwa kapena za kontilakitala wochita zachinyengo, chifukwa saona phindu lake.

Zimene dziko lino laona kale

Izi si nkhani zongoganizira. M'mwezi wa Malichi 2021, bungwe loona za ufulu wachibadwidwe la Malawi Human Rights Commission lidatulutsa lipoti la kafukufuku wake pa wailesi ya boma ya MBC. Lipotilo lidati amayi angapo ogwira ntchito pa wailesiyo adachitiridwa nkhanza zokhudza kugonana ndi munthu amene adakhalapo mkulu wa bungwelo, ndipo zina mwa zodandaulazo zinali za zaka zambiri m'mbuyomo. Woganiziridwayo adamangidwa ndipo nkhaniyo idapita kukhoti, kumene kuli koyenera kugamulira milandu. Phunziro kwa ife lili pa zaka zimene zidadutsa amayiwo asanamvedwe. Pamene wodandauliridwa ali yemweyo amene ali pamwamba pa onse, wodandaula amasowa khomo logogoda. Komanso zidaonetsa kuti mlandu suola.

M'minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi ku Thyolo, amayi 36 adasumira kukhoti la ku London kampani ya ku Britain ya Camellia, imene ili mwini wa Eastern Produce Malawi. Iwo ankadandaula za kugwiriridwa ndi nkhanza zina zochokera kwa amuna ogwira ntchito m'mindamo, ena mwa iwo akapitawo amene anali ndi mphamvu pa ntchito ya amayiwo. M'mwezi wa Febuluwale 2021 mbali ziwirizi zidagwirizana kunja kwa khoti. Kampaniyo sidavomere kuti inali yolakwa, koma idalipira ndalama ndi kulonjeza kusintha zina, kuphatikizapo kuika amayi oyang'anira chitetezo cha amayi anzawo m'mindamo ndi kuphunzitsa amayi kuti azifika pa maudindo. Apa tikuona kuti udindo woopsa si wa bwana wamkulu yekha. Kapitawo amene amasankha wobwerera ku ntchito nyengo ikubwerayo ali ndi mphamvu yaikulu pa mayi amene ana ake akudalira malipirowo, monga mmene alili kapitawo wa ntchito za mthandizi m'wodi mwathu.

Ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu m'boma la Lilongwe, m'mwezi wa Okutobala 2019, apolisi amene adapita kukagwira ntchito m'maderawo pambuyo pa kuphedwa kwa mnzawo adagwiririra ndi kuchitira nkhanza amayi ndi atsikana. M'mwezi wa Ogasiti 2020 bwalo lalikulu la milandu ku Lilongwe lidalamula kuti amayi ndi atsikana 18 apatsidwe chipepeso, ndipo lidadzudzula akuluakulu a polisi chifukwa cholephera kufufuza nkhaniyo moyenera. Apolisi ochuluka m'dziko muno sadakhudzidwe ndi zimenezi, koma yunifolomu imene adavala ochitawo ndi yomwe amavala onse, ndipo manyazi adagwera onse. Ndi mmene zimakhalira pa ofesi iliyonse. Wolakwa amakhala mmodzi, dzina loipa limakhala la onse.

Nanga ngati awiriwo agwirizana?

Ili ndi funso loyenera. Anthu akuluakulu amakumana pa ntchito, kukondana, mpaka kumanga banja, ndipo palibe cholakwika pamenepo ngati palibe wolamula mnzake. Vuto limayamba pamene mmodzi ali ndi mphamvu pa malipiro, pa ntchito kapena pa thandizo la mnzakeyo. Kuvomera kwa munthu amene akudziwa kuti akakana ana ake agona ndi njala n'kovuta kukutcha kuvomera. Ndipo ngakhale chikondicho chitakhala chenicheni, bwanayo sangathenso kuweruza mwachilungamo nkhani zokhudza wokondedwa wake. Mfumu yanzeru siweruza yokha mlandu wa mwana wake, imaitana mfumu inzake. Chimodzimodzi wa udindo amene wakondana ndi munthu wa pansi pake ayenera kudziwitsa akuluakulu ake, kuti wina azisayina ndi kugamula zokhudza munthuyo. Amene akukana kutero akusonyeza yekha kuti pali chimene akubisa.

Koma pali malo ena amene nkhani ya kugwirizana ilibe malo. Mphunzitsi ndi mwana wa sukulu sangagwirizane. Wogawa chakudya kapena malo ogona kwa anthu ovutika ndi madzi osefukira kapena njala sangagwirizane ndi amene ali pa mzere wolandira. Thandizo la boma ndi la mabungwe ndi laulere, ndipo aliyense wofuna thupi la munthu kuti amulembe dzina akuba ufulu wa munthuyo.

Nanga onamizira anzawo?

N'zotheka munthu kunamiziridwa, makamaka pa nthawi ya kampeni kapena pamene anthu akulimbirana udindo, ndipo mbiri ya munthu ikaipa n'kovuta kuikonza. Koma mankhwala a vutoli si kutseka pakamwa odandaula onse. Mankhwala ake ndi njira yodziwika yomvera madandaulo, imene imasunga chinsinsi, imamva mbali zonse ziwiri, ndipo imagamula nthawi isanatalike. Kumene kulibe njira yotereyi, bwalo limene limatsala ndi la mphekesera, ndipo bwalo limenelo silimasula munthu ngakhale wosalakwa. Choncho mtsogoleri woongoka ndiye ayenera kukhala woyamba kufuna kuti njirayo ikhalepo. Angadzitetezenso yekha polembera mayina pagulu pamodzi ndi komiti, pokumana ndi anthu nthawi ya ntchito ndi pamalo oonekera, ndi posaitanira wofuna thandizo kunyumba kwake kapena kumalo ogona alendo.

Tikumbukenso kuti lamulo limanena za munthu, osati za mkazi yekha. Abambo ndi anyamata nawo amavutitsidwa, ndipo mayi wa udindo angathenso kulakwa. Ovutitsidwa ambiri ndi amayi ndi atsikana chifukwa maudindo ambiri ali m'manja mwa amuna, koma bambo amene wabwera kudzadandaula sayenera kusekedwa. Ndipo funso lakuti wodandaula anavala chiyani kapena ankafunanji ku ofesiko silichotsa mlandu. Amene anapatsidwa udindo ndiye anapatsidwanso ntchito yodziletsa.

Kumene mungakadandaule

Gawo 7 la lamulo la mu 2013 limapatsa boma udindo woonetsetsa kuti olemba anthu ntchito ali ndi ndondomeko yothana ndi nkhanza zokhudza kugonana pa ntchito. Khonsolo nayo ndi wolemba anthu ntchito. Mfundo ziwiri za m'gawoli n'zofunika kwambiri kwa okhala m'mawodi. Yoyamba ndi yakuti ndondomekoyo iyenera kupereka mwayi wodandaula ngakhale kwa munthu amene si wantchito wa pamalopo, ngati wavutitsidwa ndi wantchito pa nthawi imene akugwira ntchito yake. Mayi wogulitsa mumsika kapena mlimi wofuna ulangizi ali ndi ufulu wokadandaula kwa mabwana a amene wamuvutitsayo. Yachiwiri ndi yakuti munthu sakakamizidwa kudikira kuti a ku ofesi amalize zokambirana zawo asanapite kupolisi kapena kukhoti.

Makomo ogogoda alipo angapo. Kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit, imene imalandira nkhani za nkhanza. Pa khonsolo pali ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ofesi yoona za jenda, ndi ofesi yoona za apantchito. Bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo lidapatsidwa udindo woonetsetsa kuti lamulo la mu 2013 likutsatidwa, ndipo ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo a anthu amene achitiridwa zopanda chilungamo m'maofesi a boma. Pa ntchito za mthandizi ndi Mtukula Pakhomo pamakhala makomiti omva madandaulo. Palinso manambala aulere a foni: 116 pa nkhani za ana, ndi 5600 pa nkhani za nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Ngati khomo lina lili la mnzake wa wokuvutitsaniyo, pitani pa lina.

Munthu amene wagwiriridwa afulumire kupita kuchipatala. Mankhwala othandiza kupewa kachilombo ka HIV amagwira ntchito ngati ayambidwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira kumathandizanso kupewa mimba ndi kusunga umboni. M'zipatala zina muli malo otchedwa Chikwanekwane, kumene achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amathandizira pamodzi. Amene akuvutitsidwa ndi mawu kapena mauthenga asafufute mauthengawo, alembe masiku ndi malo a zimene zachitika, ndipo auze munthu mmodzi womukhulupirira. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, koma tisaiwale kuti manyazi amenewo timawakulitsa ndife tikamaseka odandaula.

Gawo la ife okhala m'wodi

Khalidweli limakula kumene zinthu zimachitikira kuseri, choncho chitetezo choyamba ndi kuchitira zinthu poyera. Mayina a opindula azilembedwa ndi kuwerengedwa pa msonkhano wa mudzi wonse, ndipo zoyenereza munthu kulembedwa zizinenedwa kulembako kusanayambe. Kontilakitala akabwera kudzamanga m'dera lathu, kulemba aganyu kuzichitika pamaso pa komiti, osati kwa kapitawo yekha madzulo. M'makomiti a VDC ndi ADC muzikhala amayi amene amalankhula ndi kumvedwa, osati ongodzaza chiwerengero, chifukwa mtsikana amamasuka msanga kwa mayi mnzake.

Tili ndi ufulu wofunsa. Pa msonkhano wa ADC kapena pamene khansala wathu wabwera kudzamva za chitukuko, tingafunse ngati sukulu, chipatala ndi msika wa m'dera lathu zili ndi munthu wodziwika wolandira madandaulo otere, ndiponso chimene chimachitika dandaulo likaperekedwa. Funso limeneli ndi la chitukuko ngati la mlatho kapena la feteleza. Mafumu nawo ali ndi gawo lalikulu. Kuyanjanitsa anthu ndi ntchito yawo yolemekezeka, koma mlandu wogwiririra kapena wogona ndi mwana si woweruza ndi nkhuku kapena mbuzi pa bwalo la mfumu. Malo ake ndi kupolisi.

Anzake a mtsogoleri asadikire kuti zifike poipa. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo munthu amene wauza mnzake pa chiyambi kuti njira imene watenga njolakwika wapulumutsa anthu awiri, wovutitsidwayo ndi mnzakeyo. Posankha makomiti ndi makhansala tiziyang'ananso mbiri ya munthu pa nkhani imeneyi, monga mmene timayang'anira mbiri yake pa ndalama. Amene sitingamusiyire mwana wathu wamkazi mu ofesi kwa ola limodzi, tisamusiyirenso mndandanda wa mudzi wonse.

Atsogoleri ambiri m'dera lathu lino amagwira ntchito yawo mokhulupirika, ena popanda malipiro, ndipo iwo ndiwo amapwetekeka koposa pamene mnzawo mmodzi aipitsa dzina la onse. Mtsogoleri wotere akaimirira kuwerenga mayina sayang'ana pansi. Amene dzina lake lasowa amabwerera kwawo ali wokhumudwa, koma amadziwa kuti wasiyidwa chifukwa malo anachepa, osati chifukwa anakana kanthu. Munthu ameneyo mawa mukamuitana kokatuta mchenga amabwera ndi ndowa yake.